Paudala wa chinangwa yemwe ndinkapanga ndekha

Ndili ndi kasaluni pa Kamwendo, m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku boma la Mchinji. Masiku wamba ndimaluka ndi kuchapa tsitsi, koma ndalama yooneka imabwera ndi maukwati ndi zinkhoswe, pamene ndimaphoda mkwatibwi ndi operekeza ake. Pa ntchito imeneyi chimene chimatha msanga ndi paudala. Kuno kukatentha nkhope ya munthu sichedwa kuchita mafuta, moti wojambula zithunzi asanafike n'komwe umakhala utabwereza kale kuphoda kangapo.

Ndikulemba izi chifukwa ndikuona amayi ambiri akutumizirana timavidiyo tophunzitsa kupanga paudala wa chinangwa kapena wa chimanga pakhomo. Timavidiyo timeneti timathera pamene paudala wauma n'kulowa m'botolo. Zimene zimachitika mvula ikayamba sitinena, ndipo ine ndinaziona pathupi panga.

Paudala ndinkakaoda ku Chipata, kudutsa pa Mwami, nthawi zina ku Lilongwe. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndinapita ndi ndalama yomwe ndinazolowera n'kubwerako ndi katundu wochepa kwambiri. Eni maukwati a Disembala anali atapereka kale dipoziti pa mtengo wakale, ndipo munthu amene wagwirizana naye kale sungamukwezere. Ndinagwira njakata.

Tsiku lina ndikusesa mu saluni ndinatola botolo lakale la paudala wa ana, n'kuwerenga kumbuyo kwake. Chinthu choyamba pa mndandanda wa zosakaniza chinali Zea Mays Starch, kutanthauza sitachi ya chimanga. Ndinali nditamvanso kuti kampani ya Johnson & Johnson inasiya kuika talc (ufa wochokera ku mwala wofewa) m'paudala wake wa ana padziko lonse mu 2023 n'kusinthira ku sitachi ya chimanga, pambuyo pa milandu yambirimbiri ku America ya anthu omwe ankati talc inawadwalitsa. Mumtima ndinati, ngati kampani yaikulu chomwecho ikuika chimanga m'botolo, ine wokulira pa mtondo chingandikanike n'chiyani?

Ndinasankha chinangwa chifukwa sitachi yake imatuluka mosavuta kuposa ya chimanga, komanso ndi yosalala pakhungu. Ndinagula manyokola pamsika, kusenda, kutsuka, kusinja mumtondo mpaka kufewa, kenako kuthira madzi ndi kufinya m'kansalu koyera. Madzi ake amatuluka oyera mbuu. Ukawasiya m'beseni usiku wonse amadikha, ndipo m'mawa ukakhuthula apamwamba umapeza pansi patagwirana zoyera zolimba, zimene zimalira ukazikanda ndi chikhadabo. Ndinazipala ndi supuni, kuziyala pa lichero lokutidwa ndi nsalu, n'kuika padenga la khitchini. Dzuwa la Novembala la ku Mchinji mukulidziwa. Pofika madzulo zinali zitauma gwa, zikufumbutuka m'manja. Ndinasefa kawiri, kenako wa kumaso ndinasakaniza ndi koko pang'ono kuti agwirizane ndi khungu lathu.

Paudala woyamba uja anali wabwino, ndipo sindingamunamizire. Ankayamwa mafuta a pankhope, sankayera pa zithunzi, palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe amene anadandaula. Ine ndine wathupi, ndimaima tsiku lonse pafupi ndi choumitsira tsitsi, ndiye ndinayamba kumadzithira wosasakaniza uja kunsi kwa mabere, m'khwapa ndi pakati pa ntchafu. Kukhulana kwa ntchafu kumene kunkandivuta chaka chilichonse nyengo yotentha kunachepa. Ndinasangalala zedi. Ndinayamba kugawirako abale, ena n'kumagula.

Wachiwiri ndinapanga kumapeto kwa Disembala, mvula itayamba. Kufinya ndi kudikha zinayenda monga kale. Vuto linali kuyanika. Ukangotulutsa lichero, mitambo yabwera. Ndinkalowetsa ndi kutulutsa kwa masiku angapo, usiku n'kumaika m'chipinda. Nditaona kuti zikuchedwa ndinasendeza lichero pafupi ndi mbaula, koma za m'mphepete zinasanduka ulimbo woonekera mkati, ndipo ndinazitaya. Sitachi yonyowa ikatenthedwa kufika madigiri 60 mpaka 70 imafufuma n'kupsa, sibwereranso kukhala ufa. Zotsalazo zinaoneka zouma pamwamba, koma zinali ndi kafungo kowawasa, kamene aliyense amene anaviikapo chinangwa cha kondowole akukadziwa. Ndinali ndi maukwati Loweruka lotsatira. Ndinagula kabotolo ka mafuta onunkhira, aja amagulitsa pamsika m'malo mwa perefyumu, ndinadontheza m'paudalamo, kusefa, kuthira m'zigubu za majarini zakale n'kutseka mwamphamvu.

Apa ndi pamene ndikanafuna wina akanandigwira dzanja. Fungo lowawasa limatanthauza kuti tizilombo tayamba kale kudya sitachiyo, ndipo perefyumu amangobisa fungolo, tizilomboto sapha. Sitachi imene amaika m'zodzoladzola za kufakitale imaumitsidwa ndi makina mpaka chinyezi chitsike kufika cha m'ma 13 peresenti, kenako amaiyeza ngati ili ndi tizilombo. Pakhomo tilibe choyezera. Chomwe mungachite n'kufumbata pang'ono m'dzanja: ikatsala chibuluma osamwazika, ndiye kuti ikadali ndi madzi. Ndipo chigubu chotseka chimasunga chinyezi chonse chimene mwatsekera mkatimo.

Mu Januwale ndinayamba kumva kuyabwa kunsi kwa bere la kumanzere, makamaka madzulo. Ndinangoti ndi thukuta, n'kuwonjezera paudala. Kukayabwa masana ndinkalowa kuseri kwa katani, kupukuta ndi chitenje, n'kuthiranso wina pamwamba pa wakale. Madzulo ndikavula bula ndinkapeza paudala uja atasanduka timizere totuwa, tonyowa, titakanirira mu mpindiro wa khungu. Ndikatichotsa, pansi pake panali pofiira, ponyezimira, ndipo pakati penipeni khungu linali litang'ambika kamzere kamene kankalasa ndikathira madzi. M'mbali mwake munatuluka timadontho tofiira, tina tokhala ndi mitu yoyera, titamwazikana kutali ndi bala lenilenilo. Panayambanso kumveka fungo.

Manyazi anandigwira kwambiri. Munthu wokongoletsa anzake, n'kumanunkha thupi. Ndinkadikira bambo a kunyumba agone kaye ndisanavule, ndipo ndinkachapa zovala zamkati ndekha usiku n'kuyanika m'chipinda kuti ana asaone madontho. Kuyanika m'chipindako kunkachititsa kuti ndizivala bula wosauma bwino, koma nthawi imeneyo sindinkazilumikiza.

Kuchipatala sindinapite, chifukwa ndinkaopa kuvula pamaso pa munthu, komanso Januwale ndi mwezi wa fizi, tsiku lotseka saluni limawawa. Ndinapita pa kashopu kena kogulitsa zodzoladzola n'kungoti mwana wanga wamkazi ali ndi zoyabwa. Wogulitsayo ananditengera kachubu n'kunena kuti, "Iyi ndi ya zonse asisi, akadzola lero mawa adzuka atachira." Sananame kwenikweni. Usiku womwewo kuyabwa kunaleka, ndinagona tulo kwa nthawi yoyamba m'masabata angapo, ndipo patapita masiku ochepa kufiira kunazilala. Ndinasiya kudzola kirimuyo n'kubwerera ku paudala wanga. Zinabweranso, ulendo uno mbali zonse ziwiri. Ndinagula chubu china. Ndinakhala ndikuzungulira chomwecho mpaka mkati mwa Febuluwale: kudzola, kupepukidwa, kusiya, kubwerera zitakula. Zinafika m'khwapa ndi m'mphechepeche. Khungu la pamalopo linayamba kuyererako ndi kupyapyala, ndipo m'mbali mwa mabere munatuluka mizere yofiirira imene sindinali nayo ngakhale pa mimba za ana anga.

Nthawi yomweyo zinthu zinavutanso kwa anthu ena. Mlamu wanga, mchemwali wa bambo a kunyumba, anali ndi khanda la miyezi yochepa, lonenepa, la mipindiro m'khosi. Ndinali nditamupatsako chigubu chimodzi cha paudala wachiwiri uja. Anandiimbira foni madzulo ena: "Alamu, mwanayu wanyuka m'khosi monsemu, ndiye ndikamamuthira paudala uja akumatsokomola mpaka kutuluka misozi." Mtima wanga unapita m'mwamba. Ndinamuuza kuti asiye pompo ndipo m'mawa alawirire ku sikelo. Anamwino kumeneko anamuuza kuti paudala wa mtundu uliwonse, kaya wa talc kaya wa sitachi, sayenera kuthiridwa pafupi ndi nkhope ya khanda, chifukwa fumbi lake mwana amalipumira m'mapapo, ndipo njira zake za mpweya n'zazing'ono. Anamupatsa mankhwala odzola n'kumulangiza kuti azisambitsa m'khosimo ndi madzi okha, kupukuta modinda ndi kansalu kofewa, n'kumusiya mwana apitidwe mphepo. Apongozi anga sanandikalipire. Anangoti, "Ife ana tinkangowapukuta basi, mayi." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipa.

Sabata yomweyo kunabwera mayi a mkwatibwi wina amene ndinamuphoda pa chinkhoswe. Awiri mwa operekeza anali atatuluka totupa toyabwa m'mbali mwa nsagwada, mmodzi zikope zitatupa. Mayiwo analankhula mwaulemu, koma anaima pakhomo pa saluni makasitomala akumva. Ndinabweza ndalama yonse ndi kuwonjezera ya mankhwala. Pa Kamwendo nkhani sigona. Maukwati awiri amene anali atandilemba kale anakapeza wina.

Amene anandidula manyazi ndi bambo a kunyumba. Anandipeza usiku ndili pa mpando m'khitchini, ndanyowetsa kansalu ndikudinda pachifuwa, ndikulira. Anaunika ndi tochi ya foni, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mayi a ana, mawa saluni isatsegulidwe. Tikupita kuchipatala." Anandiuzanso kuti nditenge chilichonse chimene ndakhala ndikudzola. Langizo limeneli ndikulipereka kwa aliyense: musapite chimanjamanja n'kumakafotokoza kuti "kachubu kena koyera". Nyamulani chubucho, botololo, ngakhale chikhale chotha.

Tinafika m'mamawa koma tinaonana ndi adokotala dzuwa litapendeka. Ndinapempha kuti andione wamkazi, ndipo anandilola nditadikira pang'ono. Adokotalawo atayang'ana pakhungu anandifunsa zimene ndadzola. Anatenga kachubu kaja n'kundisonyeza timawu tating'ono tolembedwa m'mbali: clobetasol propionate. Kenako anatsegula chigubu cha paudala, kununkhiza, n'kutakasa ndi kamtengo mpaka pansi. Pamwamba panali poyera bwinobwino. Pansi, m'makona a chigubumo, paudala anali atagwirana zibuluma, ndipo pa zibulumazo panali timadontho totuwa mobiriwira. Chuku. Ndinali ndikudzithira zimenezo pa bala, ndi kuviikamo bulashi yopita pankhope za ana a eni.

Anapala pang'ono m'mphepete mwa bala n'kutumiza ku labu. Anandiyezanso shuga ndi HIV, n'kundifotokozera kuti matenda a mafangasi a m'mipindiro akamakana kutha kapena akamabwerabwera, nthawi zina chimayambitsa ndi shuga wokwera kapena chitetezo chotsika, ndipo pali anthu amene amadziwira pomwepo kuti ali ndi shuga. Zanga zonse zinatuluka bwino. Za ku labu zinasonyeza fangasi wotchedwa Candida, amene amakhala kale pathupi pa anthu ambiri osavuta, koma amaswana akapeza malo ofunda, onyowa, okhulana.

Ndinafunsa ngati chinangwa ndicho chinandiwotcha. Anapukusa mutu. "Mayi, sitachi si poizoni. Ngakhale m'mapiritsi ambiri amene timakupatsani muno muli sitachi. Koma ntchito yake ndi kuyamwa chinyezi, ndipo ikakhuta siyamwanso, imasunga madziwo pakhungu panu pomwepo." Anati pa khungu louma, losang'ambika, paudala amachepetsa kukhulana. Koma pamene payamba kale kunyowa ndi kusupuka, amagwirana n'kumapala khungu munthu akamayenda, ndipo kuthira wina pamwamba pa wakale kumangokwirira thukuta. Mafuta onunkhira aja anati ndi amene ayenera kuti ankandilasa kwambiri, chifukwa pa zonse zimene amaika m'zodzoladzola, zonunkhiritsa ndi mankhwala oletsa kuwonongeka ndi zimene zimawenga anthu ambiri. Koma chimene chinakulitsa matenda ndi kirimu uja. Clobetasol ali m'gulu la ma steroid amphamvu kwambiri. Amaletsa kuyabwa ndi kufiira pogonetsa chitetezo cha pakhungu, ndiye fangasi amafalikira popanda chomuletsa, munthu akuganiza kuti akuchira. M'mipindiro khungu ndi lopyapyala ndiponso lotsekeka, choncho mankhwalawo amalowa ambiri, n'chifukwa chake mizere ija inatuluka msanga.

Nditayamba kupeza bwino ndinawerenga zambiri pa nkhani yakuti sitachi imadyetsa fangasi, chifukwa ndi zimene anthu ambiri amanena. Mu 1984 dokotala wa khungu wa ku America, James Leyden, anayesa zimenezi pa khungu la anthu, ndipo anapeza kuti sitachi ya chimanga sinachulukitse Candida, komanso inachepetsa zilonda zobwera ndi kukhulana. Ndikuzitchula kuti tisanamizire chimanga ndi chinangwa. Koma iye ankayesa sitachi yoyera, youma. Yanga inali yowawasa, ya chuku, ya perefyumu, yothiridwa pa bala lotseguka, ndipo ngakhale yoyerayo sichiritsa fangasi amene wayamba kale.

Za bala lotseguka anamwino amene ankandilembera mankhwala anandiuza chinthu chimene sindinaiwale. Kale magolovesi a madokotala ankakhala ndi paudala wa sitachi ya chimanga mkati kuti azivalika mosavuta. Ku America bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala la FDA linawaletsa kuyambira mu Januwale 2017, chifukwa paudalayo akatsalira m'bala kapena m'mimba mwa munthu wochitidwa opaleshoni, thupi limamuona ngati chinthu chachilendo n'kutupa, ndiponso fumbi lake limanyamula tizidutswa ta labala timene timawenga anthu ena. Sitachi imeneyo inali yotsukidwa ndi yophedwa tizilombo, koma m'bala inkavutabe. Nanga ya pa lichero?

Anandilembera mankhwala opha fangasi otchedwa clotrimazole, odzola m'mawa ndi madzulo. Tsiku limenelo mankhwalawo kunalibe, ndinakagula ku famase. Anandichenjeza kuti ndikasiya steroid uja zinthu ziyamba zaipa kaye, ndipo zinaipadi. Sabata yoyamba khungu linafiira kuposa kale, likutentha ngati ndathirapo tsabola, tulo osabwera. Kachubu kaja kanali kakadali m'chikwama. Usiku wina ndinakatulutsa n'kukagwira m'manja nthawi yaitali. Bambo a kunyumba anadzuka, anakatenga mwakachetechete, n'kukakaponya m'chimbudzi. Ngati muli pamenepa, chotsani chubucho m'nyumba tsiku loyamba lomwelo, chifukwa pakati pa usiku nzeru sizigwira ntchito. Ndipo ngati mwadzola steroid nthawi yaitali kapena pa malo aakulu, kasiyidwe kake akuuzeni ndi adokotala, ena amafunika kuchepetsa pang'onopang'ono.

Zina zonse zinali ntchito ya manja. Kusamba ndi sopo wosanunkhira, kudinda ndi thaulo osakhula, kenako kugona chagada pa mphasa chitseko chotseka mpaka pamalopo paume ndisanadzole mankhwala. Ndinadula chitenje chakale cha thonje tizidutswa, n'kumaika kamodzi kunsi kwa bere lililonse, kakanyowa n'kusintha. Ma bula a nayiloni ndinawasiya. Otsalawo ndinayamba kuyanika panja padzuwa, manyazi atha, ndi kusita. Thaulo langa linali landekha. Nditabwerera kukaonedwanso, za m'khwapa zinali zitapola koma za m'mphechepeche zikukanika, ndiye anandiwonjezera mapiritsi a fluconazole atandifunsa kaye ngati ndili woyembekezera, chifukwa mankhwalawa sapatsa mwachisawawa mayi wapakati. Anandiuzanso kuti ndipitirize kudzola ngakhale pakaoneka kuti papola, mpaka nthawi imene anandiuza ikwane. Ambiri amasiya kuyabwa kukangoleka, n'chifukwa chake zimabwerera.

Kupola kwenikweni kunafika cha mu Epulo, anthu akuyamba kukumba mtedza. Pamene panali mabala panatsala zipsera zakuda, zimene zinatenga miyezi yambiri kuti zizilale. Khungu lathu lakuda limachita zimenezi likatupa nthawi yaitali, ndipo mayesero amene amabwera ndi ofuna kudzola zoyeretsa, zimene zambiri mwa izo zili ndi steroid yemwe uja. Ndinazisiya zokha. Mizere ya m'mbali mwa mabere ija inayera koma sinachoke, ndipo adokotala anandiuza poyera kuti sidzachoka.

Ndalama imene ndinkafuna kupulumutsa posagula paudala sinkafika K40,000. Ndikawerengera machubu a pamsika, mankhwala a ku famase, thiransipoti ya anthu awiri, ndalama yobweza ya chinkhoswe, mabulashi ndi masiponji onse amene ndinataya, ndi masiku amene saluni inali yotseka, zinapitirira K200,000. Maukwati amene anandithawa sindikuwerengera. Fizi ya mwana wathu wamkulu tinachita kukongola kubanki ya m'mudzi. Khanda la mlamu wanga linapola m'khosi pasanathe nthawi, ndipo chifuwa sichinapitirire, koma ine ndinatenga miyezi ndisanalinyamule ndi mtima wokhazikika.

Chiyambire nthawi imeneyo sindigula chodzola ndisanawerenge kumbuyo, ndipo ndapeza kuti sitachi ili m'zinthu zambiri kuposa mmene ndinkaganizira: paudala wa kumaso, mankhwala a m'khwapa, mafuta odzola aja osanata, ngakhale zopopera m'tsitsi zochotsa mafuta popanda kuchapa. Amailemba ndi maina a sayansi. Zea Mays ndi chimanga, Tapioca Starch kapena Manihot ndi chinangwa, Oryza Sativa ndi mpunga, Solanum Tuberosum ndi mbatatesi, Triticum Vulgare ndi tirigu. Mndandandawo umayamba ndi chimene chachuluka kwambiri, kutsika m'munsi. Amene tirigu amakuwengani, dzina lomalizali muzilisamala, makamaka khungu likakhala ndi zilonda. Mukaona Parfum kapena Fragrance ndiye zonunkhiritsa zija, ndipo pa malo okhulana ndi bwino kusankha chopanda zimenezi.

Pali dzina lina lalitali limene linandiopsa nditaliona koyamba, Aluminum Starch Octenylsuccinate. Ndi sitachi yomweyi, koma yosinthidwa kufakitale kuti isamamwe madzi msanga ndi kugwirana zibuluma, n'chifukwa chake paudala wogula amakhalabe wosalala munthu atachita thukuta. Gulu la akatswiri la ku America lotchedwa Cosmetic Ingredient Review linaiunika n'kutulutsa lipoti mu 2002 lonena kuti ndi yosaopsa mmene imagwiritsidwira ntchito m'zodzoladzola. Zimandikhudza kuti chimene ndinkachiopa chifukwa cha dzina ndicho chinakonzedwa kuti chipewe vuto limene linandigwera, pamene chimene ndinkachitama kuti n'chachilengedwe ndicho chinachita chuku. Pa mabotolo ambiri palinso kachithunzi ka kachitini kotsegula kolembedwa 12M kapena 24M, kusonyeza miyezi imene chinthucho chingagwire ntchito chikatsegulidwa. Cha kuno kwathu ndimayang'ana chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Chubu chilichonse cholembedwa clobetasol kapena betamethasone ndi mankhwala, si chodzola wamba, ndipo malo ake ndi ku famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, adokotala atalemba.

Sindinabwerere ku talc. Mu Julayi 2024 IARC, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, inaika talc m'gulu la zinthu zimene zikuganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa, ndipo pakati pa ziwirizi ine ndimasankhabe sitachi, koma ya kufakitale, yomata bwino, ya m'botolo laling'ono loti lithe msanga. Ndimasunga pouma, osati kubafa. Nyengo yotentha ndimathira pang'ono m'dzanja, kutali ndi nkhope, n'kupaka pa khungu louma lopanda chilonda, ndipo madzulo ndimasamba kuti achoke yense ndisanathire wina. Kumaliseche sindithirako paudala wa mtundu uliwonse. Pakangoyamba kufiira kapena kunyowa, paudala ndimasiya tsiku lomwelo. Kwa makanda, m'banja mwathu tsopano timagwiritsa ntchito kirimu wa zinc oxide pa matako ndi kusintha thewera msanga, paudala ayi.

Mu saluni ndimapungulira paudala pa kambale koyera, bulashi siilowanso m'botolo, ndipo wotsala pa kambalepo ndimataya. Mabulashi ndimachapa ndi sopo ukwati uliwonse ukatha n'kuyanika padzuwa, siponji aliyense amakhala ndi yake. Mkwatibwi ndi operekeza ake ndimawaitana kukatsala sabata ndi masiku angapo, ndimawapatsa pang'ono zimene ndidzawadzoze kuti azipaka mkati mwa mkono, pa malo amodzi, m'mawa ndi madzulo, chifukwa kuwenga kwina kumaoneka patapita masiku. Pakafiira kapena kuyabwa timasintha. Ena ochokera kutali, ku Mkanda kapena ku Kapiri, amati thiransipoti yobwera kawiri yawakulira. Amenewo ndimawapempha kuti pa tsikulo abwere ndi paudala amene amaphoda kale kwawo, ndipo ndimawachotserako pa mtengo.